Malamulo a Kaoloke

Anayambitsa ndi Lufeyo Mkanda,
wotolera ndalama pa mlatho wa matabwa
pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu,
chaka chimene mtsinje wa Lilongwe unadzuka usiku
n'kusenza mlatho wake ngati mtolo wa bango.
Masabata atatu analibe womulipiritsa.
Anakhala pamtunda, nang'amba katoni ya sopo,
nakhwatcha mzere ndi khala pakatikati.
Uwu ndi mtsinje, anatero. Kwinaku ndi ife.

Tsidya lino mizere inayi, tsidya ilo inayi.
Aliyense atole zitsekerero zisanu ndi zinayi za mabotolo,
wina aziike chagada, wina chafufumimba.
Milatho ndi timitengo ta machesi, titatu basi.

Lamulo loyamba: madzi sadumphidwa.
Chitsekerero chiyenda phazi limodzi,
kutsogolo kapena cham'mbali.
Chobwerera m'mbuyo palibe,
paja ndalama ya basi sibwezedwa.

Lachiwiri: mlatho uli ndi mwini.
Woyamba kuima pakamwa pake ndiye bwana,
ndipo mnzake akafuna kuoloka
apereke njere imodzi ya chimanga
mwa khumi zomwe anayamba nazo.
Njere zikatha, khala pagombe, uziwerenga anzako.

Lachitatu ndi limene limayambitsa phokoso.
Mukasuntha kasanu ndi kawiri, mvula yagwa.
Wochepekedwa njere ndiye mvulayo:
azule mlatho umodzi, akauike pomwe wafuna,
ndipo chitsekerero chimene chinali pamenepo
chapita ndi madzi, musachifunsenso.
Lufeyo ankati wosauka naye agwireko kanthu,
ngakhale kanthuko kakhale chigumula.

Lachinayi anabweretsa Enelesi wa kaunjika
atagonja masiku anayi otsatizana,
majuzi ake akuuma okha padzuwa popanda wowaitanira.
Ziwiri zikasanjikizana, anatero, imeneyo ndi kabaza:
ithamange mapazi awiri, ilipire kawiri,
ikagwa agwe onse, wopalasa ndi wokwera.
Lufeyo anakana mpaka dzuwa kupendeka,
kenako anati chabwino, koma lisatchedwe dzina lako.
Mpaka lero timalitcha la Enelesi.

Kudyana mulibe muno.
Ukakumana ndi mdani, umangomutsekera njira
monga minibasi ziwiri pa depoti,
wina aliyense akuyembekeza kuti mnzake atope.

Wapambana ndani?
Amene waolotsa zisanu mpaka mzere womaliza.
Koma atambasule dzanja tione:
ngati mulibe njere, sanapambane.
Wafika kumsika, inde, nanga ugula ndi chiyani?

Lero akusewera ku Kawale, ku Biwi, pa siteji ya 25,
alonda a ku Kanengo amakesa nawo usiku.
Ena amati anachokera ku Joni,
ena amalumbira kuti agogo awo ankawadziwa kale.
Ndinamvanso mnyamata wa tayi akunena
kuti lamulo la mvula n'losokoneza, lichotsedwe.
Ndinangomuyang'ana nsapato.
Zinali zisanapondepo matope a Januwale.

Ine ndinali kamwana kotola zitsekerero
kuseri kwa mabenchi a tchipisi,
malipiro anga kuonerera.
Ndikukumbukira kuti Lufeyo sankapambana kawirikawiri.
Ankakonda kwambiri milatho,
ankaima pakamwa pake kudikira njere
ife tikudutsa mbali ina.

Madzi ataphwa anakhoma mlatho watsopano
ndi misomali yowongola pamwala,
nabwerera pa mpando wake, chitini m'manja.
Katoni yoyamba ija inanyowa n'kusungunuka.
Koma ukamuuza kuti lero zavuta, ulibe ya mlatho,
ankakuyang'ana nthawi yaitali,
kenako n'kuloza kumwamba ndi chibwano:
Oloka msanga. Iwe ndiwe mvula.